Kumene anachokera mawu akuti “beyond reasonable doubt”

Chingerezi sichisowa mawu otsekera mkangano. Pali certain, pali undeniable, pali indisputable, ndipo ambiri a mawu oterewa mizu yake ili mu Chilatini ndi Chifalansa. Koma m'khoti, momwe munthu angataye ufulu kapena moyo, Angerezi sanatenge mawu amphamvuwa. Anasankha ena odzichepetsa, akuti beyond reasonable doubt, kutanthauza kuti umboni ufike poti munthu woganiza bwino sangakhalenso ndi chifukwa chomveka chokayikira.

Kale ku England mlandu wovuta ankausiyira Mulungu. Woganiziridwayo ankamugwiritsa chitsulo chamoto, n'kumumanga dzanja, ndipo pakatha masiku atatu ankaona ngati bala likupola. Ena ankawaponya m'madzi amene wansembe wawadalitsa. Ife a kuno sitingadabwe nazo, chifukwa makolo athu anali ndi mwavi, umene atsamunda anauletsa mu 1911. Ku Ulaya mwambo wa chitsulo ndi madziwu unagwa mu 1215, pamene msonkhano wa Lateran, motsogozedwa ndi Papa Innocent III, unaletsa ansembe kutengamo mbali. Ku England mtolo wogamula unagwera anthu wamba 12 otchedwa jury.

Anthu amenewa ankachita mantha, ndipo mantha awo anali a chikhulupiriro. Ankaphunzitsidwa kuti wogamula kuti mnzake aphedwe, mtima ukukayika, magazi a wophedwayo amakhala pamutu pake. Katswiri wa malamulo wa ku Yale, James Whitman, m'buku lake la 2008 akufotokoza kuti mawu athuwa poyamba sanali oteteza woimbidwa mlandu ayi. Anali olimbitsa mtima a jury, kuwauza kuti sangachimwe pogamula ngati kukayika kwawo kulibe maziko. Pofika zaka za m'ma 1780 mawuwa anali akumveka m'khoti la Old Bailey ku London. Anali atamvekanso ku Boston mu 1770, pa mlandu wa asilikali a Britain amene anawombera khamu n'kupha anthu asanu; wowaimira anali John Adams, amene pambuyo pake anakhala pulezidenti wachiwiri wa America.

Mlandu umene unawakhomera msomali mawuwa ndi wa mnyamata wogwira ntchito pa famu, Reginald Woolmington, wa zaka 21. Mkazi wake Violet anali atachoka pabanja n'kubwerera kwa mayi ake. Pa 10 December 1934 Woolmington anamutsatira atabisa mfuti m'chikhoti, ndipo Violet anafa ndi chipolopolo. Woolmington anati cholinga chake chinali kumuopseza kuti adziwombera yekha, mfutiyo n'kulira mwangozi. Ku Bristol woweruza anauza a jury kuti popeza wapha, ndi udindo wake kutsimikizira kuti inalidi ngozi. Anagamulidwa kuti anyongedwe.

Mu 1935 nkhaniyi inafika ku House of Lords. Kumeneko woweruza Viscount Sankey ananena kuti m'malamulo onse a milandu ya upandu ku England mumadutsa ulusi umodzi wagolide: wozenga mlandu ndiye ayenera kutsimikizira kulakwa, osati woimbidwayo kutsimikizira kusalakwa. Woolmington anamasulidwa osakolekedwa chingwe. Nkhaniyi imandipweteka, chifukwa Violet anali mtsikana wa zaka 17, wa mwana wakhanda, ndipo palibe anamulipirira. Komabe ndikuima ndi Sankey. Boma lili ndi apolisi, ndende ndi ndalama. Woimbidwa mlandu nthawi zambiri ali ndi pakamwa pake pokha.

Mu 1947 woweruza Denning anachenjeza kuti mawuwa satanthauza kuti pasatsale ngakhale kachikayiko kongopeka, apo ayi palibe chigawenga chingamangidwe. Lero oweruza a ku England amangouza a jury kuti akhale sure, mawu aafupi amene aliyense amawamva.

Ku Malawi mfundoyi inabwera ndi malamulo a atsamunda, ndipo tinaonapo zimene zimachitika ikachotsedwa. Mu 1969, anthu atakwiya kuti oganiziridwa pa kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe amasulidwa kaamba kosowa umboni, boma la Kamuzu Banda linapatsa makhoti a mafumu mphamvu zozenga milandu yakupha. M'makhoti amenewo loya sankaloledwa, ndipo malamulo a umboni sankatsatidwa kwenikweni. Ndimo anaweruzidwira Orton ndi Vera Chirwa mu 1983 kuti aphedwe. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, Vera n'kutuluka mu 1993. Chaka chotsatira, olemba malamulo oyendetsera dziko anaika mu gawo 42 kuti woimbidwa mlandu aliyense azitengedwa kuti ndi wosalakwa, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndi wokhala ndi loya.