Kuchapa zovala, zopukutira ndi zofunda: kangati, ndipo choyamba n'chiti madzi akachepa?

Ku Chipera, m'boma la Marávia, chigawo cha Tete, madzi ochapira amachokera pamjigo, pachitsime kapena kumtsinje, ndipo amafika pakhomo atasenzedwa pamutu kapena panjinga. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, zitsime zosazama zimaphwa ndipo timitsinje timatsala mchenga. Sopo nayenso ndi wogula. N'chimodzimodzi ku Fingoé, ku Malowera ndi m'midzi ya kutsidya kwa malire, ku Zambia. Banja silingachape zonse tsiku ndi tsiku, choncho liyenera kudziwa choyambira.

Muyeso wabwino ndi kuona chimene chakhudza nsaluyo. Buluku la kumunda lofiira ndi dothi limaoneka lakuda kwambiri, koma silidwalitsa munthu. Malaya amene munthu anavala popopera mankhwala m'munda angaoneke oyera, komabe ndi oopsa. Zimene zimafuna madzi ndi sopo mwachangu ndi nsalu zokhudzidwa ndi chimbudzi, masanzi, magazi, manthongo kapena mankhwala a mbewu. Zina zingathe kudikira tsiku lochapa.

Zochapa tsiku lomwelo

Matewera ndi nsalu zimene mwana wayipitsira zisagone. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba monga momwe chilili cha munthu wamkulu. Choyamba chitayidwe kuchimbudzi, kenako thewera lichapidwe palokha ndi sopo m'beseni lake, ndipo madzi akewo atayidwenso kuchimbudzi. Wochapayo asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya kapena kuyamwitsa.

Zovala zamkati zichapidwe zikangovalidwa kamodzi. Nsalu zimene amayi ndi atsikana amagwiritsa ntchito akakhala kumwezi zichapidwe ndi sopo nthawi iliyonse akasintha. Ambiri amaziyanika m'nyumba mobisa chifukwa cha manyazi, ndipo siziuma bwino. Nsalu yachinyezi imayambitsa zilonda ndi kuyabwa. Njira yosavuta ndi kuziyanika pachingwe padzuwa, n'kuphimba pamwamba ndi nsalu yopyapyala.

Zovala zopoperera mankhwala

Alimi a thonje, fodya, chimanga ndi ndiwo za kudimba amapopera mankhwala ophera tizilombo. Mankhwala ambiri otere amalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka munthu akamatuluka thukuta. Zovala zimene munthu anavala popopera azivule akangomaliza, asambe thupi lonse ndi sopo, ndipo zovalazo zichapidwe tsiku lomwelo.

Zichapidwe pazokha, m'beseni losagwiritsidwa ntchito posambitsa mwana kapena potsuka mbale. Wochapa avale magolovesi, kapena mapepala a pulasitiki m'manja. Ntchitoyi isapatsidwe kwa mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena mwana. Madzi ake atayidwe m'dzenje kutali ndi chitsime ndi mtsinje, chifukwa amapha nsomba ndiponso amaipitsa madzi akumwa. Ndi bwino mlimi kupatula malaya a manja aatali ndi buluku limodzi kuti zikhale za ntchito yokhayi, n'kumazisunga kunja kwa chipinda chogona.

Othyola fodya nawonso asamale. Masamba onyowa ndi mame kapena mvula amatulutsa chikonga chimene chimalowa pakhungu kudzera m'malaya onyowa. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi mseru, mwinanso kusanza. Malaya otere avulidwe akangonyowa ndipo achapidwe asanavalidwenso.

Zovala za masiku onse

Malaya okhudza khungu, nyengo yotentha, achapidwe akavalidwa kamodzi kapena kawiri. Buluku, siketi ndi chitenje chomanga m'chiuno zingavalidwe katatu kapena kanayi ngati sizinanyowe ndi thukuta. Yunifolomu ya mwana wa sukulu ichapidwe kawiri pamlungu, ndipo mwana aziivula akangoweruka. Zovala za kumunda zingapirire masiku angapo, bola zizikolekedwa popita mphepo madzulo m'malo moziunjika pakona zili zonyowa. Majuzi ndi majekete a nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi achapidwe kamodzi kapena kawiri pamwezi, komanso asanasungidwe.

Pali malire amodzi osayenera kudumpha: chovala chisakhale pathupi kupitirira mlungu osachapidwa. Nsabwe za m'zovala zimakhala ndi kuikira mazira m'misoko, ndipo zimachuluka pamene munthu sakusintha. Kuchapa ndi madzi otentha ndi kusita misoko kumazithetsa.

Zovala za kaunjika, zimene ku Zambia amati salaula ndipo m'misika ya Mozambique amati calamidade, zichapidwe ndi kusitidwa zisanavalidwe koyamba.

Zopukutira

Thawulo lichapidwe likagwiritsidwa ntchito katatu kapena kanayi, ndiye kuti pafupifupi kawiri pamlungu. Chofunika kwambiri ndi kuliyanika padzuwa munthu akangotha kusamba. Thawulo losiyidwa pamsomali kubafa silichedwa kununkha, ndipo fungolo ndi chizindikiro choti tizilombo taswana.

Kubwerekana chopukutira kumafalitsa zipere, mphere ndi matenda a maso. Ngati pakhomo thawulo lili limodzi, ndi bwino kung'amba chitenje chakale kuti aliyense akhale ndi kansalu kake.

Apa pafunika kutchula trakoma, matenda a maso amene amayamba ndi kufiira ndi manthongo mwa ana. Akabwerezabwereza kwa zaka zambiri, zikope zimapindikira mkati, nsidze n'kumakanda diso mpaka munthu kuchita khungu. Amafala kudzera m'zala, ntchentche, ndi nsalu zopukutira kumaso. Mayi akapukuta maso a mwana mmodzi ndi nsonga ya chitenje, n'kupukutanso wina ndi nsonga yomweyo, matenda asamuka. Mwana asambitsidwe kumaso ndi madzi oyera tsiku lililonse, nkhope iume yokha. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse, lotchedwa OMS m'Chipwitikizi ndi WHO m'Chingelezi, linalengeza kuti Malawi wathetsa trakoma monga vuto la umoyo wa anthu ambiri. Ukhondo wa kumaso ndi imodzi mwa njira zinayi zimene bungweli limalimbikitsa, pamodzi ndi mankhwala, opaleshoni ya zikope ndi ukhondo wa pamalo.

Zofunda, mphasa ndi matiresi

Nsalu zoyala pogona ndi zophimba pilo zichapidwe kamodzi pamlungu. Madzi akavuta, pasadutse milungu iwiri. Ngati mwana wakodzera pogona, kapena wodwala watuluka thukuta usiku wonse, zichapidwe m'mawa womwewo.

Bulangeti limadya madzi ndi sopo wambiri, ndipo silifunika kuchapidwa kawirikawiri. Kamodzi pamiyezi iwiri kapena itatu n'kokwanira, makamaka ngati pakati pa munthu ndi bulangetilo pali nsalu yopyapyala imene imalandira thukuta. Nthawi yabwino yochapa mabulangeti onse ndi Epulo kapena Meyi, madzi akadali ambiri ndipo dzuwa layamba kuwala, kenako mu Ogasiti kuzizira kukatha. Mlungu uliwonse bulangeti, mphasa, mkeka ndi matiresi zitulutsidwe padzuwa n'kukung'unthidwa.

Nsikidzi sizitha ndi kuchapa kokha, chifukwa masana zimabisala m'ming'alu ya khoma, m'mabango a mphasa ndi m'malumikiziro a bedi. Pamafunika kuthira madzi owira pabedi ndi pamphasa, kumata ming'alu, ndi kubwereza pakatha mlungu, popeza mazira otsala amaswa.

Neti ya udzudzu

Neti ndi chinthu chimodzi chimene chimawonongeka ndi kuchapa kwambiri. Maneti amene amagawidwa m'zipatala ndi m'midzi ali ndi mankhwala opha udzudzu, ndipo anapangidwa kuti apirire kuchapidwa pafupifupi ka 20 m'zaka zitatu. Banja lochapa neti mlungu uliwonse limamaliza chiwerengero chimenechi miyezi isanu isanathe. Neti ichapidwe ikada, osapitirira kamodzi pamiyezi itatu, ndi madzi ozizira ndi sopo wamtanda. Isaviikidwe mu jiki, isamenyedwe pamwala, ndipo iyanikidwe pamthunzi chifukwa dzuwa limafooketsa mankhwala. Isachapidwire mumtsinje. Ikabooka isokedwe msanga.

Pakhomo pakagwa mphere

Mphere zimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu n'kuikira mazira. Kuyabwa kumakula usiku, pakati pa zala, m'mikono, m'chiuno ndi m'khwapa. OMS inaika mphere pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha mu 2017, ndipo imati anthu osachepera 200 miliyoni amakhala nazo nthawi iliyonse.

Onse a pakhomo alandire mankhwala a kuchipatala tsiku limodzi, ngakhale amene sanayambe kukanda. Tsiku lomwelo, zovala, zopukutira ndi zofunda zimene zagwiritsidwa ntchito masiku atatu apitawo ziviikidwe kwa mphindi 10 m'madzi otentha kwambiri, oti munthu sangapisemo dzanja, kenako zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Kachilombo ka mphere sikakhala moyo kupitirira masiku awiri kapena atatu kunja kwa thupi la munthu. Choncho ngati nkhuni kapena madzi achepa, mabulangeti aikidwe m'thumba la pulasitiki, limangidwe bwino, likhale masiku osachepera atatu. Njira imeneyi sifuna ngakhale kapu imodzi ya madzi. Kuyabwa kungapitirire milungu iwiri kapena inayi mankhwala atagwira kale.

Pakhomo pakagwa kolera

Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Lago ku Niassa mu Seputembala 2022 unafikanso ku Tete, ndipo unakula m'dziko pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023. Imodzi mwa njira zimene kolera imafalira ndi kuchapa zovala za wodwala kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime.

Zovala ndi zofunda za wodwala, kapena za munthu amene wamwalira ndi kolera, ziwiritsidwe kwa mphindi zisanu, kapena ziviikidwe kwa mphindi 10 m'madzi a klorini osakanizidwa monga alangizira a zaumoyo. Zikatero zichapidwe ndi sopo, ziyanikidwe padzuwa. Muyeso wa Certeza wothira m'madzi akumwa ndi wochepa mphamvu pa ntchito imeneyi, choncho banja lifunse muyeso woyenera kuchipatala kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi. Madzi ochapirawo atayidwe kuchimbudzi. Wodwalayo apatsidwe madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi, ndipo athamangire naye kuchipatala.

Kuyanika ndi kusita

M'midzi yambiri zovala zimayanikidwa paudzu, pamchenga kapena patchire. Nyengo ya mvula, chizolowezi chimenechi chimabweretsa mphutsi zolowa pakhungu. Ntchentche yake imaikira mazira pamchenga wa pamthunzi wonunkha mkodzo kapena chimbudzi, komanso pazovala zonyowa. Mazira amaswa m'masiku ochepa, ndipo kamphutsi kakakhudza khungu kamalowa n'kutupitsa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Ana aang'ono ndi agalu ndi amene amavutika kwambiri.

Chingwe chomangidwa pamalo owomba dzuwa chimachepetsa vutoli. Simbi ya makala yotentha bwino imapha mazira, makamaka ikadutsa mbali zonse ziwiri ndi m'misoko. Ngati makala sakwanira zonse, ayambe matewera, zovala za ana, zamkati ndi nsalu zogonera. Mphutsi ikalowa kale, kabowoko kapakidwe Vaseline kuti isowe mpweya, ndipo ikasuzumira ifinyidwe pang'onopang'ono. Chilonda chikatupa kwambiri kapena kutuluka mafinya, apite nacho kuchipatala.

Malo ochapira

Kuchapa munthu ataima m'madzi odikha kuli ndi ngozi ya likodzo. Tizilombo take timatuluka mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu la miyendo ndi manja. Midzi ya kumwera kwa Marávia, imene ili pafupi ndi nyanja ya Cahora Bassa, ili ndi ngozi inanso ya ng'ona. Ndi bwino kutunga madzi n'kukachapira kumtunda. Madzi otungidwa akakhala m'chigubu masiku awiri, tizilombo ta likodzo timafa. Pamjigo, pochapira pakhale kumunsi ndi patali, kuti madzi akuda asabwerere kumene anthu akutunga.

Kupulumutsa madzi ndi sopo

Kuviika zovala kwa theka la ola musanayambe kufikisa kumachepetsa sopo. M'beseni limodzi ziyambe zoyera ndi zopukutira kumaso, zitsatire malaya, ndipo zovala za kumunda zikhale zomaliza. Madzi otsukuluzira angaviikire zovala zotsatira, kapena kuwazidwa pabwalo. Madzi a matewera, a zovala za wodwala ndi a zovala zopoperera asagwiritsidwenso ntchito ina iliyonse.

Chigubu cha malita 20 chikakhala chimodzi chokha, mndandanda wake ndi uwu: zoyamba ndi zokhudzidwa ndi chimbudzi, masanzi kapena magazi, zachiwiri ndi zovala zopoperera, zachitatu ndi zamkati ndi zopukutira, zachinayi ndi nsalu zogonera. Malaya, mabuluku ndi mabulangeti zikolekedwe padzuwa, zidikire tsiku limene madzi apezeka.