Constructivism: Luso la ku Russia Lomwe Linatsika Pakhoma

Constructivism ndi njira ya zaluso yomwe inabadwira ku Russia m'zaka zotsatira kusintha kwa boma kwa mu 1917. Dzinali likuchokera ku liwu lotanthauza kumanga. Eni ake ankati waluso asamathere nthawi pa zithunzi zokakoleka m'nyumba za olemera, koma azigwira ntchito ngati injiniya, kupanga nsalu, mipando, mabuku ndi nyumba za anthu wamba.

Chizindikiro chachikulu cha njirayi ndi nsanja yomwe Vladimir Tatlin anaikonza pakati pa 1919 ndi 1920. Inayenera kukhala yachitsulo ndi magalasi, yopotana ngati chigoba cha nkhono, yotalika mamita 400, kuposa Eiffel Tower ya ku Paris. Dziko linali pa nkhondo yapachiweniweni, chitsulo chinali chosowa, ndipo nsanjayo inathera pa kachitsanzo kamatabwa.

M'mwezi wa Malichi 1921, Aleksandr Rodchenko, mkazi wake Varvara Stepanova, Aleksei Gan ndi anzawo anakhazikitsa gulu lawo ku Moscow. Chaka chomwecho Rodchenko anaonetsa zithunzi zitatu zopanda chojambulidwa chilichonse, china chofiira chokhachokha, china chachikasu, china chabuluu, kusonyeza kuti kupenta kwakale kwafika pamapeto.

Apa ndiye panayambira ntchito yeniyeni. Stepanova ndi Lyubov Popova analowa m'fakitale yosindikiza nsalu za thonje ku Moscow, nachotsa maluwa n'kuikapo mizere ndi timabwalo. Kuyambira 1923, Rodchenko ndi mlakatuli Vladimir Mayakovsky ankapanga malonda a masitolo a boma monga GUM ndi Mosselprom: wina mawu, wina maonekedwe. Anali malonda a mabisiketi, fodya ngakhalenso nsonga za mphira zoyamwa makanda. Kalembedwe kake n'kosasokonekera: mitundu yofiira, yakuda ndi yoyera, mizere yopendekeka, zilembo zonenepa zopanda zokometsera, ndiponso zithunzi za kamera zodulidwa n'kumatidwa pamodzi. Cholinga chinali choti ngakhale wosadziwa bwino kuwerenga amve uthenga akudutsa mumsewu, ndipo m'dziko lomwe ambiri anali osaphunzira imeneyi inali nzeru yozama.

El Lissitzky, yemwe anakhala ku Berlin, ndiye anathandiza kwambiri kufalitsa nzeruzi ku Ulaya, komanso mu 1922 mumzindawo munachitika chionetsero chachikulu cha luso la ku Russia. Sukulu ya zaluso ya Bauhaus inatengera zambiri, makamaka László Moholy-Nagy atayamba kuphunzitsako mu 1923. Buku la Jan Tschichold la mu 1928, Die neue Typographie, linazifikitsa kwa osindikiza mabuku.

Kwawo ku Russia zinthu zinaipa msanga. Mu 1932 boma la Stalin linathetsa magulu onse a aluso oima paokha, n'kuyamba kufuna zithunzi zooneka ngati zenizeni zotamanda chipani. Gustav Klutsis, katswiri wa mapositala amene anatumikira bomalo mokhulupirika, anaphedwa mu 1938. Gan anaphedwa mu 1942.

Chomwe chinakhalitsa si nsanja ayi, koma zapapepala zija. Positala ya Rodchenko yoonetsa mayi wina, Lilya Brik, akufuula, dzanja lili pakamwa, kuitanira anthu ku mabuku, ikutsanziridwabe. Gulu loimba la Franz Ferdinand linatengera pomwepo chikuto cha chimbale chawo cha mu 2005. Nayo nyumba ya Narkomfin ku Moscow, yomwe Moisei Ginzburg anaikonza ndi Ignaty Milinis, inatsala pang'ono kugwa, koma Alexey Ginzburg, mdzukulu wa Moisei, anatsogolera ntchito yoikonzanso, yomwe inatha mu 2020.