Masiteshoni Atatu a pa Euston Road ndi Mahotela Ake

Pamsewu wa Euston Road mumzinda wa London pali masiteshoni atatu akuluakulu a sitima: Euston, St Pancras ndi King's Cross. Kuchoka pa yoyamba kukafika pa yomaliza ndi ulendo wa mphindi 10 kapena 15 wapansi. Anathithikana chonchi chifukwa kale njanji za ku Britain zinali za makampani opikisana, ndipo iliyonse inkafuna khomo lakelake lolowera mumzindawu, komanso hotela yoti apaulendo afikiremo akatsika sitima.

Euston ndiyo inatsogola. Kampani ya London and Birmingham Railway inaitsegula mu 1837, ndipo mu 1839 inamanga mahotela awiri pakhomo pake. Mu 1846 komiti ya boma inalangiza kuti njanji zisamalowe m'katikati mwa London, choncho zobwera pambuyo zinathera m'mbali mwa msewu womwewu. King's Cross inatsegulidwa mu 1852, ndipo hotela yake, Great Northern, mu 1854. Zonse ziwiri anazilinganiza ndi Lewis Cubitt, yemwe anangogwiritsa ntchito njerwa zachikasu popanda zokongoletsa zambiri.

Kampani ya Midland Railway inafika mochedwa, koma pomanga St Pancras inafuna kuposa anzake. Kuti njanji yake ipeze podutsa, nyumba za anthu osauka a ku Agar Town ndi Somers Town zinagwetsedwa, ndipo manda ena a tchalitchi cha St Pancras anafukulidwa. Mbali imeneyi ya mbiriyi siyenera kuiwalika munthu akamagoma ndi kukongola kwa St Pancras. Njanjiyo inawoloka ngalande ya Regent's Canal pamlatho, n'chifukwa chake sitima za pa St Pancras zimaima m'mwamba, osati pansi. Injiniya William Henry Barlow sanataye malo otsala kunsiwo: anawasandutsa nkhokwe ya migolo ya mowa wochokera ku Burton upon Trent, ndipo mpata wa pakati pa nsanamira zachitsulo anauyeza potengera kukula kwa migoloyo. Siteshoniyo inatsegulidwa mu 1868, ili ndi denga lachitsulo ndi magalasi lopanda mzati pakati.

Kutsogolo kwake katswiri wa zomangamanga George Gilbert Scott anaimika hotela ya Midland Grand, ya njerwa zofiira ndi nsanja ya wotchi, yomwe inayamba kulandira alendo mu 1873. Inali yapamwamba zedi, koma mabafa anali ochepa kwambiri, moti antchito ankakwera makwerero atanyamula madzi otentha kupita nawo m'zipinda. Mahotela atsopano atayamba kuika bafa m'chipinda chilichonse, alendo anaithawa. Inatsekedwa mu 1935 n'kusanduka maofesi a njanji.

Mu 1961 ndi 1962 chipata chamiyala chotchuka cha Euston chinagumulidwa, ndipo mahotela akale a pa Euston anatsatira. Siteshoni ya Euston ya lero inatsegulidwa mu 1968. Kutayika kwa chipatacho kunawawa anthu ambiri. Zitamveka kuti St Pancras nayo ili pangozi, wolemba ndakatulo John Betjeman ndi anzake analimbikira kuiteteza, ndipo mu 1967 boma linaiika m'gulu la nyumba zosaloledwa kugwetsedwa. Kuyambira mu 2007 sitima za Eurostar zopita ku Paris ndi Brussels zimanyamukira pamenepa, ndipo momwe munali migolo ya mowa muja tsopano muli masitolo ndi malo odikirira sitimazo. Hotela ya Scott inatsegulidwanso mu 2011, ndipo Great Northern, itakonzedwa, mu 2013.