Mlimi wa Pafamu ndi Mbumba Yake: Mbiri ya Nthaka ndi Banja ku Katete, 1895-1995

1.0 Mawu Otsogolera

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika moyo wa alimi oyamba amene anatuluka m'midzi nakakhazikitsa mafamu m'dera la Katete, kumene kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi. Mfundo yathu ndi yakuti mbiri ya mlimi wotere singamveke bwino ikalondoledwa kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana, monga momwe mabuku a boma ankachitira. Pakati pa Achewa mtundu umayenda ndi mayi, ndipo famu inabwera kudzapikisana ndi dongosolo limeneli.

2.0 Nthaka Imene Makolo Ake Anataya

Mlimi amene tikumukamba anabadwira m'dziko lopanikizika. Mu 1895 kampani ya North Charterland Exploration inatenga dera la masikweya mailosi pafupifupi 10,000, potsamira pa mapangano amene Carl Wiese ankati anachita ndi Mpezeni. Angoni atagonja mu Januwale 1898, Azungu anayamba kutsegula minda ya fodya mozungulira Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata. Bungwe lofufuza za malo la mu 1924 linadula madera oti Afirika azikhalamo, ndipo maderawo anakhazikitsidwa mwalamulo mu 1928. Midzi yambiri inasamutsidwa.

Chodabwitsa ndi chakuti chaka chomwecho mtengo wa fodya unagwa, Azungu ambiri nasiya minda yawo. Leroy Vail anasonyeza mu 1977 kuti malo osiyidwawo anasanduka tchire, nyama zakuthengo zinachuluka, ndipo kashembe anafalikira. Pamenepo n'kuti m'madera a Afirika anthu atathithikana, nthaka ikuguga ndi kukokoloka. Amuna ambiri ankapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia kuti apeze ndalama za msonkho. Mu 1941 boma linagula gawo lalikulu la malo a kampani ija, niyamba kusamutsirako midzi.

3.0 Kutuluka M'mudzi

Mu 1948 boma linayambitsa ndondomeko ya mafamu a alimi ang'onoang'ono, ndipo dera la Katete linali pakati pa malo oyamba. Wosankhidwa ankapatsidwa munda wa maekala pafupifupi 20 kapena kuposerapo, komanso ngongole ya ng'ombe zolimira, pulawo ndi zipangizo zina, zoti abweze pang'onopang'ono. Iye ankayenera kuzula zitsa, kulima mokasinthasintha mbewu, kuthira manyowa ndi kumanga migula yotchinga madzi, motsatira malangizo a alangizi. Mtedza ndi chimanga zinali mbewu zodalirika pa malonda, ndipo zinkagulitsidwa kudzera m'makoparetivu.

Komabe ngongole yokha siyikufotokoza chimene chinakopa munthu kusiya mudzi. Pa mwambo wa chikamwini, mwamuna ankakakhala kwawo kwa mkazi, nalima munda wa apongozi. Ana ake anali a mbumba ya mkaziyo, ndipo wowayang'anira anali mtsibweni wawo. Ukwati ukatha, mkamwini ankanyamuka yekha, kusiya nyumba, nkhokwe ndi mitengo imene anabzala. Njira ya chitengwa inalipo, koma inkadalira chilolezo cha eni mbumba. Famu inapatsa mwamuna malo olembedwa m'dzina lake, kumene sanali mlendo kwa wina aliyense. Kwa munthu wobwera ku Walale ndi kandalama, njinga ndi luso loyendetsa ng'ombe, mwayi umenewu unali waukulu.

4.0 Mkangano wa Thukuta ndi Magazi

Pafamu ntchito inkagwiridwa ndi mlimi, mkazi kapena akazi ake, ndi ana ake obala. Mnyamata ndiye ankatsogolera ng'ombe m'mamawa. Mayi ndi atsikana ankapalira, kukumba ndi kusenda mtedza. Koma mwini famu akamwalira, mwambo unkaloza kwa mbale wake kapena kwa mwana wa mlongo wake kuti ndiye alowe m'malo. Apa panabuka funso limene makolo sanakumane nalo kwenikweni, pakuti kale chuma cha munthu sichinkaposa khasu, nkhwangwa ndi ziweto zochepa. Kodi ngolo ndi ng'ombe zipite kwa amene anazikhetsera thukuta kapena kwa amene ali ndi magazi a mbumba?

Max Marwick, amene anachita kafukufuku pakati pa Achewa a dera lino mu 1946-47 ndi mu 1952-53, anapeza kuti kunenezana ufiti kunkachitika makamaka pakati pa abale a mbumba imodzi, ndipo nthawi zambiri kunkayamba ndi mikangano ya ng'ombe, katundu ndi ufumu. Buku lake la mu 1965 likutithandiza kuona kuti mlimi wolemera ankayenda pa njira yoterera. Akathandiza ana a alongo ake, ngongole ya boma inkachedwa kubwezedwa. Akawamana, ankatchedwa womana, mwinanso kuganiziridwa kuti chuma chake ndi cha kukhwima. Kutalikirana ndi mudzi sikunamuchotsere udindo wa unkhoswe, pakuti maliro, maukwati ndi milandu zinkamuitanabe.

Malamulo a Zambia anadzalowerera pambuyo pake. Lamulo la mu 1989 la chuma cha masiye linagawa magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena odalira malemuyo. Mwana wa mlongo sanatchulidwe ngati wolowa m'malo. Komabe lamuloli silikhudza nthaka ya mafumu, choncho pa nkhani ya munda mwambo unakhalabe ndi mphamvu. Lamulo la nthaka la mu 1995 linalola munthu kutenga chikalata cha zaka 99 pa malo otere, mfumu ikavomereza. Motero zidzukulu za alimi oyamba zimayenda pakati pa njira ziwiri za cholowa.

5.0 Umboni wa M'chiyankhulo

Akatswiri a chiyankhulo ali ndi gawo lawo pa mbiri imeneyi. Mawu akuti famu ndi pulawo anachokera ku Chingerezi. Mawu akuti malume ndi malowolo anabwera ndi Angoni, amene mtundu wawo umayenda ndi bambo. Mawu akuti goli, amene kale ankanena za mtengo womangira akapolo m'khosi, anasamukira pa khosi la ng'ombe. Ngakhale mawu akuti banja ali ndi mbali ziwiri: m'kamwa mwa mlangizi ankatanthauza mwamuna, mkazi ndi ana, pamene m'kamwa mwa agogo amafika mpaka ku bele lonse. Wofufuza akafunsa kuti "mwini munda ndani?" amalandira dzina limodzi la mwamuna, akafunsa kuti "munda uwu unachokera kwa yani?" amamva mayina a amayi a mibadwo itatu.

6.0 Mawu Omaliza

Zolembedwa za boma zinasunga maekala, matumba ndi ngongole, koma zinasiya amayi amene anapalira ndi alongo amene anatsala kumudzi. Ana a alimi oyambawo tsopano ndi okalamba, ndipo ndi iwo amene akusunga mbali yotsalayi. N'koyenera kuti aphunzitsi a Chichewa ku Katete, Sinda ndi Vubwi azituma ophunzira kukalemba mbiri za mabanja awo m'chiyankhulo chawo, alondole mzere wa kuchimuna ndi wa kuchikazi womwe, ndipo asunge mawu a chibale monga momwe wofotokozayo wawatchulira, osawamasulira.