Impidansi ya ampulifaya ndi sipika

Impidansi ndi mlingo wa mmene chipangizo chimakanizira magetsi onyamula mawu, ndipo imayezedwa m'maohm, dzina lochokera kwa Georg Ohm wa ku Germany. Masipika ambiri ndi a maohm 4 kapena 8. Wodzipangira ampulifaya ya batire ya mavoti 12 ayenera kuwerengetsa: masipika awiri a maohm 8 akalumikizidwa mbali ndi mbali amatsika kufika 4, akalumikizidwa motsatizana amakwera kufika 16. Maohm akachepa kuposa amene ampulifaya inapangidwira, magetsi amachuluka, kachipangizo ka IC ka mu ampulifayayo n'kutentha mpaka kupsa. Ena amati impidansi ya ampulifaya izifanana ndi ya sipika kuti mphamvu ikwere, koma zikafanana theka la mphamvuyo limangotenthetsa ampulifaya. N'chifukwa chake ampulifaya ya matiranzisita imakhala ndi impidansi yosafika ohm imodzi, pomwe ya mavalavu imadalira thiransifoma.