Kuchokera ku Nkula Kufika pa Polo ya ku Chinsapo

Si nthawi zonse pamene magetsi amathima chifukwa cha ndandanda ya ESCOM. Mphepo ya mvula ikagwetsera nthambi pa mawaya kwa Njewa, kapena mawaya awiri akagundana ku Biwi, magetsi amaduka okha sekondi isanakwane. Timadandaula, inde, koma kudukako n'kumene kumapulumutsa thiransifoma ndi nyumba zathu ku moto.

Mbiri ya magetsi athuwa imayambira ku mtsinje wa Shire. Siteshoni ya Nkula A idayamba kupanga mamegawati 24 mu 1966, ya Tedzani n'kutsatira mu 1973. Pamene Lilongwe inkakhala likulu mu 1975, mphamvu yambiri inali kumwera, ndipo inkabwera kuno pa nthambo zazitali zodutsa m'tchire. Vuto likachitika panjira, amisiri ankalisaka ndi maso, kulondola nthambo polo ndi polo mpaka apeze pamene paduka.

Alonda enieni odula magetsi pakavuta ali m'masabusiteshoni ngati ya Kanengo. Kachipangizo kotchedwa relay kamayeza magetsi odutsa usana ndi usiku. Pakachitika shoti, magetsiwo amachuluka mwadzidzidzi, ndipo kamalamula switchi yaikulu kuti idule nthambo yokhayo yomwe yavuta, zina zipitirire kugwira ntchito. Switchi zina zimadikira pang'ono n'kuyesa kulumikizanso, poti mwina nthambi ija yagwa kale. N'chifukwa chake babu limathima, kuyaka, kenako n'kuthimiratu: makinawo ayesa, apeza kuti vuto likadalipo.

Kusintha kwakukulu kudadza pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la madola 350.7 miliyoni lochokera ku Millennium Challenge Corporation ya ku America. Adamanga nthambo ya mavoti 400,000 ya makilomita 173 kuchokera ku Phombeya ku Balaka kufika ku Nkhoma, komanso adaika makompyuta a SCADA, oti mainjiniya ali ku Blantyre aziona ndi kutsegula switchi za kutali osanyamuka pampando. Mu 2017 ntchito yopanga magetsi idapita ku EGENCO, ESCOM n'kutsala ndi yowatumiza ndi kuwagawa. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo pambuyo pake madera ankathimitsidwa mosinthana kuti magetsi otsalawo agawidwe.

Koma makompyutawo saona zonse. Kumunsi kuno, komwe thiransifoma ya papolo imatsitsa mavoti 11,000 kufika pa 230 a m'nyumba, mlonda akadali fyuzi. Ndipo fyuziyo tikuizunza. Ku Mgona, Area 23 ndi Area 25 nyumba zidachuluka msanga kuposa mathiransifoma. Wina wakoka waya wozembera mita, wina walumikiza makina owotcherera zitsulo pa waya wa babu. Fyuzi ikapsa, “katswiri” wapamudzi amamangapo waya wonenepa kuti isapsenso, osadziwa kuti tsopano chopsa chikhala nyumba. Akuba nawo amakhetsa mafuta a m'thiransifoma n'kudula waya wa kopa wopita pansi, womwe umathawitsira magetsi osokera m'nthaka.

Waya ukagwa mumsewu wa ku Kawale, nthawi zambiri ESCOM imadziwa pokhapokha munthu akaimba foni. Mukauona, musaukhudze ngakhale ndi mtengo, thamangitsani ana, ndipo imbani msanga.