Utoto wa pa Nkhope za Gule Wamkulu

Nkhope za Gule Wamkulu zilipo mazanamazana, koma utoto umene umazisiyanitsa kuyambira kale ndi wa mitundu itatu: wofiira, woyera ndi wakuda. M'midzi ya ku Kasungu, monganso ku Dowa, Mchinji ndi Katete, mitundu imeneyi inkachokera pakhomo pomwepo. Wofiira unkachokera ku dothi la katondo, woyera ku dothi loyera, phulusa kapena ufa, ndipo wakuda ku makala ndi mwaye.

Umboni wakale kwambiri wa utoto wotere uli pa miyala ya Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula, amene UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, alenje amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Zoyera, zopakidwa mochindikala ndi chala, ndi za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi nyau. Mitundu itatu ija imaonekanso pa chingondo chimene namwali amavala kumutu, chokhala ndi mathothomathotho oyera, ofiira ndi akuda.

Utoto uliwonse uli ndi mawu ake. Kuyera ndi kwa mizimu, ngati ufa wa nsembe. Kufiira kumanena za magazi, kutentha ndi ngozi, ndiponso za mlendo. Kuda kumapita ku ukulu ndi mphamvu za makolo. Chadzunda, tate wa zilombo, amatulukira ndi nkhope yakuda bii, yamakwinya, mano ochepa, ndevu zotuwa. Amayenda motsimphina ngati nkhalamba yotheratu, koma ng'oma ikakolera amavina mwamphamvu mpaka fumbi koboo. Asanafike pakati pa bwalo, amayi amakhala atamuzindikira kale ndi kuyamba nyimbo yake.

Pamenepa ndi pamene pagona luso lonse. Chilombo chimaonekera patali, mkati mwa fumbi, chikuthamanga, ndipo sichiima kuti anthu achiyang'anitsitse. Nkhope yochuluka mitundu ikanasokoneza maso. Mtundu umodzi wodzaza nkhope yonse, kenaka maso oyera, mano oyera ndi mzere wakuda wa nsidze, n'zokwanira kuti ngakhale mwana adziwe ngati ayandikire kapena aliyatse liwiro.

Azungu atafika, Gule sanafune utoto watsopano kuti awajambule. Amishoni a Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889, Akatolika ku Mua mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mkangano wa mipingo ndi nyau unakula kwambiri. Ku bwalo kunatulukira Simoni, wa nkhope yofiira psuu ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, wa nkhope yosalala yofiirira. Mayina ndi a m'Baibulo, koma utoto ndi womwe uja wa mlendo.

Kusintha kwenikweni kunadza ndi sitolo. Minda ikuluikulu ya fodya itafalikira m'zigwa za Kasungu m'zaka za m'ma 1970, ndalama zinayamba kuyenda m'midzi, ndipo penti wa m'zitini anayamba kupezeka mosavuta pa misika. Penti ameneyu amanyezimira, sachoka ndi thukuta kapena mvula, ndipo anabweretsa chikasu chowala, pinki ndi wobiriwira. Mpaka lero Gule amachuluka m'chilimwe, anthu atakolola ndi kugulitsa fodya, pamene mabanja amamanga ziliza ndi kukumbukira akufa awo. Komabe, ngakhale penti anabweretsa mitundu yatsopano, nkhope zambiri zimakhalabe ndi mtundu umodzi waukulu. Zimenezi zimaoneka bwino ku Chamare Museum ku Mua, kumene Kungoni Centre, imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, inasonkhanitsa nkhope zoposa 400.

Nzeru yomweyi ya mitundu yochepa anaipezanso, mwa njira yawo, opanga masewera a ndewu a pa kanema. Makina a Capcom amene ankayendetsa Street Fighter II mu 1991 ankalola mitundu 16 yokha pa kachidutswa kalikonse ka chithunzi, ndipo Ryu ndi Ken, omenya mofanana, ankasiyana ndi chovala choyera ndi chofiira. Mu Mortal Kombat ya 1992, Scorpion wachikasu ndi Sub-Zero wabuluu anali chithunzi chimodzi chosinthidwa utoto. Kumeneko anawakakamiza ndi makina, ndipo makina atakula malire aja anachoka. Ku bwalo la Gule, penti ali mbwee m'sitolo, koma malire akadalipo chifukwa amasungidwa ndi mwambo.

UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, magule a m'mayiko atatuwa amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi.